Dzina la Mng'ono Wanga M'munsi mwa Tsamba Lililonse

Ine, amene anthu amangonditchula kuti Mayi Fotokope, wa zaka 38, wokhala kuseri kwa msika, mwini kashopu kosindikiza mapepala pafupi ndi geti la koleji ya anamwino, ndikunena izi pano pa polisi:

Mng'ono wanga amaphunzira pakolejipo. Laibulale yawo ya pa intaneti imalola wophunzira kukopera mutu umodzi wa buku kuti aziwerenga yekha. Akakopera, dzina lake limatuluka m'munsi mwa tsamba lililonse, timalemba tating'ono ngati nyerere.

Chaka chino, Lachisanu lililonse ankabwera ndi fulashi, kachipangizo kosungira za pakompyuta, ine n'kumusindikizira mutu wa sabata imeneyo, kope limodzi basi, chifukwa maso amamuwawa akamawerenga pafoni. Sindinamuonepo akupatsa munthu wina.

Mushopumo ndimagwira ndi mlamu wanga, mng'ono wa amuna anga. Ndinamulemba ntchito chifukwa cha chibale, osati luso. Kompyuta yathu imasunga chilichonse chimene tasindikiza mpaka munthu atafufuta, ndipo kufufutako inali ntchito yake.

Lolemba lapitali cha m'ma 9 koloko m'mawa, kunabwera woyang'anira laibulale ndi wapolisi. Anaika pakauntala buku lokhuthala, lomangidwa ndi waya wathu wakuda ndi chikuto chabuluu cha pashelefu yanga. Anati alilanda kwa wophunzira amene anagula kwathu. Nditatsegula ndinapeza mitu yonse ija yaphatikizidwa, dzina la mng'ono wanga lili tsamba ndi tsamba.

Ndinamufunsa mlamu pamaso pawo. Iye anati, "Alamu, mtima pansi. Zinali kale m'makinamu, ine ndangosonkhanitsa. Nanga timalemba timeneto amawerenga ndani?" Mawu amene ndinamuyankha sindikupempha kuti alembedwe.

M'kabati ya pansi pa makina tinapezamo mabuku ena otero. Anavomera kuti ankagulitsa masana, ine ndikapita kukatenga mwana kusukulu.

Woyang'anira laibulale anati, "Mayi, mutu umodzi wowerengera ife sitiletsa. Koma apa buku lathunthu lagulitsidwa, ndipo dzina lomwe tikuliona ndi la mtsikanayu." Lachiwiri mng'ono wanga anamuimitsa sukulu, mayeso omaliza ali sabata yamawa. Akoleji anati adzalemba mayesowo pokhapokha pakhale umboni wa ku polisi woti wogulitsa ndi wina. Kuyambira tsiku limenelo mtsikanayo sakudya. Ndakwiya, ndipo sindikubisa.

Dzulo madzulo amuna anga anati, "Za m'banja zimathera m'banja. Ukakamutchula mng'ono wanga ku polisi, usabwererenso muno." Ndinawayankha kuti nanenso ndili naye mng'ono.

Amene anaphatikiza mabukuwo n'kumagulitsa ndi mlamu wanga. Mtsikanayo sanadziwe kanthu. Chikwama cha zovala chimene chili pabenchi panjapo chisakudabwitseni, ndi changa.

Zomwe ndikudziwa ndi zomwezi. Andiwerengera ndipo ndavomereza.

Saini ya mboni: ______________________