Yankho la Malume pa za Isake ndi Usilikali

Olemekezeka Mphunzitsi Wamkulu wa sukulu ino, Mayi Margret Chimphamba, pamodzi ndi aphunzitsi anu onse, olemekezeka wapampando wa komiti ya makolo ndi aphunzitsi, olemekezeka mafumu athu a kuno ku Mitundu ndi amene mwachokera ku Nathenje, olemekezeka abusa ndi akuluakulu a mipingo, anamwino, alangizi a zaulimi ndi amisiri amene mwabwera kudzafotokozera ana za ntchito zanu, makolo anzanga, ndi inu eni tsikuli, anyamata ndi atsikana a Fomu 4, landirani moni wanga nonse.

Ine ndine Alick Mbewe. Ndinapuma pa ntchito ya usilikali nditakalambira m'gulu la makomando, aja odumpha m'ndege ndi parachuti, ndipo zaka zanga zomaliza ndinkaphunzitsa anyamata ofuna kulowa m'gululo. Ndikuthokoza kwambiri pondipatsa mpando waulemu pa tsiku lino la uphungu wa ntchito. Mayi Chimphamba anandipempha kuti ndidzakulimbitseni mtima, koma pepani mayi, mwaitana munthu wamantha. Ndabwera ndi mantha, ndipo ndilankhula za manthawo.

Poyamba paja, Mayi Chimphamba atafunsa amene akufuna usilikali akatha mayeso, manja anali mbwee, ena kumbuyo uko mpaka kukweza onse awiri. Limodzi mwa manjawo linali la Isake, mwana wa mlongo wanga Anna, amene akhala apo pakati pa makolo. Musamuyang'anitsitse choncho mnyamatayo, ndinamupempha kuti ndimutchule ndipo anavomera. Mukudziwa mwambo wathu, ine malume wake ndiye mwini mbumba, ndipo nkhani yaikulu ya mwana siitha ine ndisanayankhule. Mlongo wanga anabwera kwathu ku Nathenje maso ali ofiira nati, "Achimwene, mwanayu mumukanize. Inu ndiye akumverani." Ndakhala ndikuzengereza, mpaka ndinawalonjeza kuti yankho alimva lero.

Chimene chinawaopsa amayi ake nachi. Chilimwe chathachi, dzuwa lili paliwombo, ndinakumana ndi Isake ndi anzake akuthamanga mumsewu wafumbi, aliyense atabereka thumba la mchenga lomanga ndi linya. Ndinaimitsa njinga n'kuwapatsa botolo langa la madzi. Anakana onse, ati komando samwa madzi, madzi amalemetsa miyendo. Mukuseka, komatu ambiri a inu munamva zomwezo kumunda ndi ku mpira, ndipo mumazikhulupirira. Ine sindinaseke.

Pamene ine ndinkayesedwa kuti ndilowe ukomando, tinali ndi mnzathu dzina lake Gilibati, wa ku Diamphwe. Analitu chimunthu, wonyamula thumba la chimanga ngati wanyamula mtsamiro, ndipo tonse tinkati ngati pali mmodzi wopambana, ndi ameneyu. Tsiku lina anatiyendetsa ulendo wautali m'mapiri, kukutentha koopsa, katundu ali kumsana. Sajeni wathu ankakalipa pa malo aliwonse opumira kuti aliyense amwe, chifukwa kumeneko kumwa madzi ndi lamulo, osati chifundo. Gilibati ankaika botolo pakamwa mongonamizira, kenako n'kukhuthulira madziwo m'tchire. Tinazidziwa pambuyo pake. Iye ankatsatira zimene anakula nazo kwawo, ndipo ankafuna kuonetsa kuti ndi mwamuna.

Chakumasana thukuta linamuleka. Khungu linauma gwa, likutentha ngati phale. Anayamba kuyankhula zosamveka, kutiuza kuti titseke khola mbuzi za amayi ake zisatuluke, kenako anagwa chafufumimba. Tinathamanga naye ku galimoto, madokotala anayesetsa ndithu, koma sanadzukenso. Ine ndinali m'gulu loperekeza bokosi ku Diamphwe. Amayi ake anandigwira mkono n'kundifunsa kuti, "Kodi mwana wanga amuombera ndani?" Kunalibe nkhondo, kunalibe mdani. 

Tsono ana anga, ndimvetsereni. Usilikali ndi ntchito yaulemu, ine inandilera ndipo inaphunzitsa ana anga, sindingainyoze. Koma maphunziro a ukomando safuna munthu wodzionetsera, amafuna womvera, wonena zoona akadwala, wodziwa kuwerenga mapu mutu ukuwawa ndi njala. Zimenezo zimayambira pa masamu ndi jogalafe zimene mukuzithawa masana kukathamanga ndi mchenga. Komanso opita kukayesedwa amakhala chinamtindi, otengedwa ndi ochepa, ndipo mwa ochepawo ofika ku ukomando ndi apo ndi apo. Wina dokotala amamubweza chifukwa cha diso, wina chifukwa cha chifuwa chimene iye mwini sankachidziwa. Ndiye mukabwerako, mudzatani? Ndawaona ena atabwezedwa, angokhala pa sitolo pamsika wa Mitundu kufotokoza za ulendo umodzi womwewo mpaka ndevu kuchita imvi. Amenewonso amandiopsa. N'chifukwa chake lero musangounjikana pa ine. Pitani kwa anamwino achokera ku Nkhoma awa, pitani kwa alangizi a zaulimi, kafunseni amisiri owotcherera zitsulo kuti anayamba bwanji, kuti aliyense atuluke pano ali ndi njira ina m'mutu.

Tsopano Isake, imirira. Ndinkafunitsitsa kukukaniza, ndipo mphamvu yake ndili nayo. Koma ndakuona, ndikakukaniza udzapita mozemba, ndi nzeru zomwezo za mumsewu, popanda wokuuza zoona. Choncho sindikukaniza. Ulembe mayeso ako bwino, usankhe ntchito ina yodzagwira akakubweza, tipite limodzi kuchipatala akakupime, ndipo kuthamanga kwako kukhale kwa m'mawa, ine ndili pambuyo pa njinga, ukumwa pamene ndanena kuti imwa. Ukakana chimodzi mwa zimenezi, mawu anga ndabweza. Khala pansi.

Musaombe m'manja, chonde, taonani mayi ake. Mlongo wanga, ndikudziwa kuti si yankho limene munadzera, ndipo sindingakulonjezeni kuti mwanayu adzabwerako bwino, chifukwa zimenezo palibe malume angalonjeze. Mwana ndamulola ndine, pamaso pa mafumu ndi anthu onsewa. Chikadzachitika china, musadzafunse munthu wina, mudzafunse ine.

Ndi mawu amenewa, komanso ndi ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti tsiku la uphungu wa ntchito pa sukulu ino latsegulidwa tsopano.

Zikomo kwambiri.