A Ezekieli Daka, Mkamwini Amene Anafunditsa Mudzi

Malemu anabadwa pa 14 Juni 1951 m'mudzi wa Chankhandwe, kumapiri kuja kumene lero ndi boma la Vubwi, ndipo anapatsidwa dzina loti Ezekieli Daka. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Amayi awo ankati tsiku limenelo kunazizira mwakuti madzi a mumtsuko ankaluma mano, ndipo kuyambira pamenepo malemu ndi chisanu sanamvanepo. Ine amene ndikuwerenga ndine Duncan, mwana wa mlongo wawo. Anali atsibweni anga, ndipo ndaima pano m'malo mwa abale onse a ku Vubwi.

Mu 1960 anayamba sukulu ya mishoni, ulendo wa maola awiri wapansi, opanda nsapato. Ankatiuza kuti mwezi wa Julayi ankanyamula chikuni chamoto n'kumalandizana panjira. Anamaliza Giredi 7 mu 1967. Mu 1970 anapita ku Kabwe, kumene anagwira ntchito yokonza mainjini zaka khumi ndi zinayi.

Pa 21 Ogasiti 1976 anamanga ukwati mu mpingo wa Reformed ndi mayi Judith Sakala a m'mudzi muno mwa Kamphande, ndipo mu 1984 anabwera kudzakhala chikamwini. Akuluakulu muli panonu mukukumbukira mmene Kamphande analili. Ana ankafunda masaka, anayi saka limodzi. Chisanu chikafika tonse, kuno ndi kwathu komwe, tinkatuwa mbuu, mapazi ali ming'alu yoti n'kubisamo njere ya chimanga. Saladi, mafuta ophikira aja, tinkamuona pa Khirisimasi pokha, ndipo botolo lake likatha tinkathiramo madzi otentha kuti tikokolole fungo.

Mu 1993 malemu anabwera ndi makina oyengera mafuta opukusa ndi manja, nayamba kugawa mbewu ya mpendadzuwa. Anthu anaseka, amvekere mkamwini wa a Sakala akulimira mbalame maluwa. Koma paja mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Botolo loyamba litadzaza, mayi Judith sanaphikire ndiwo. Anaitana ana a nyumba zonse, nawadzoza miyendo mmodzimmodzi, ndipo Lamulungu limenelo tchalitchi chonse chinanunkhira mpendadzuwa.

Mu 2004 anagula makina a dizilo amene ali m'shedi umo. Apa pali nkhani imene sindiilumpha, chifukwa ndikudziwa kuti ndiyo ili m'mitima mwanu. Makinawo anagulidwa ndi ng'ombe zinayi za m'khola la kwathu ku Chankhandwe. Chifikireni ife Lachitatu, maso anu akungoyang'ana lole imene tabwera nayo, ndipo dzulo ndinaona amayi atatu atayala mphasa pakhomo penipeni pa shedi, pomwe mthunzi uli kwina. Sindikukudzudzulani. Tonse taonapo abale a mwamuna akukweza katundu manda asanaume. Nkhaniyi ndibwererako.

Kuyambira 2004 mudzi uno unasintha tikuona. A Ibrahim a sitolo ku Katete ankabwera kudzatenga zigubu za mafuta, pobwera atadzaza galimoto ndi mabulangete. Zotsalira poyenga zinanenepetsa nkhumba ndi nkhuku. Ana anavala nsapato ndi majuzi, udzu pamadenga unasanduka malata, ndipo chifuwa cha Julayi, chimene chinkatenga makanda chaka ndi chaka, chinachepa. Shedi ija inakhala malo ofunda kuposa onse, moti nkhalamba zinkasonkhana pafupi ndi injini kuwotha, malemu n'kumaziseka kuti zikuwathera kutentha kwa makina.

Komatu walira mvula walira matope, ndipo malemu eniake ankanena zimenezi poyera. Ankadandaula kuti minda ya nsawawa yatha, ndiwo zotendera zasowa, chilichonse changokhala chokazinga. Ankadandaula za amuna amene akagulitsa mafuta ankaiwala njira yochokera ku Katete mpaka thumba litapepuka. Chimene chinkawapweteka kwambiri n'chakuti ana amene mafutawa anawaphunzitsa anapita ku Lusaka ndi ku Chipata, m'mudzi n'kutsala nyumba zokongola zokhala ndi maloko. Malemu anakana kusamuka m'nyumba yawo ya udzu. Ankati malata ndi a anthu onyada, masana amawotcha, m'mawa amadontha mame. Ana awo anawamangira nyumba ya njerwa mu 2015, koma ankangosungiramo matumba a mpendadzuwa.

Pa 3 Julayi chaka chino cha 2025, amayi ena anafika mmamawa ndi ngolo ya mpendadzuwa kuchokera ku Sinda. Kunali chisanu choopsa, ndipo injini inakana kulira. Mwana wa malemu, Pamela, amene wakhala akuyendetsa makinawa zaka zisanu ndi ziwiri, anapempha bambo ake kuti adikire dzuwa. Iwo anati alendo oyenda mtunda wotere sangawasiye akunjenjemera panja. Anavula jekete, nagona pasimenti pansi pa injini maola awiri mpaka inalira. Patatha masiku atatu anayamba kutentha thupi ndi kubanika. Pa 8 Julayi anagonekedwa m'chipatala ku Katete, kumene anawapeza ndi chibayo. Madokotala anayesetsa, koma Lachiwiri pa 15 Julayi anatisiya ali ndi zaka 74. Chisanu chimene anachithamangitsa m'nyumba zonse za muno chinawapezerera iwo okha.

Tsopano za makina. Dzulo masana abale a ku Chankhandwe tinakhala pansi. Ambiri anati makinawa apite kwathu, poti ng'ombe zinali zathu, ndipo amayi akwathu amayenda tsiku lathunthu kufuna koyengetsa. Ndisaname pamaso pa malemu, ine ndinali mmodzi wa onena zimenezo. Amene anatiletsa ndi amayi anga, mlongo wawo yekhayo amene watsala. Anatifunsa kuti ng'ombe zina zonse za m'khola lija zili kuti, popeza matenda anazipulula mu 2008. Anatifunsanso kuti mabulangete amene tafunda pamaliro pano anabwera kwathu pa njinga ya yani, Juni aliyense, zaka makumi awiri. Kenaka anati ng'ombe zinali zathu, inde, koma matuza a m'manja anali a mayi Judith. Ine manyazi anandigwira.

Choncho anamfedwa, imvani. Makina sachoka pa Kamphande. Kiyi wa shedi, amene malemu ankamangirira pa chingwe m'khosi, ndi uyu m'dzanja langali, ndipo ndikatha kuwerenga ndimupereka kwa mayi Judith pamaso panu nonse. Ife tapempha chinthu chimodzi, makina akale a manja aja amene akuchita dzimbiri kuseri kwa nyumba. Tikayambira pomwe atsibweni anayambira.

Malemu asiya akazi awo mayi Judith, ana atatu, Gideon, Maxwell ndi Pamela, zidzukulu khumi ndi chimodzi, ndi mlongo mmodzi. Tikuthokoza mafumu, abusa ndi akulu a mpingo, amayi a chigwirizano amene akhala nafe masiku onsewa, adzukulu amene akumba manda m'dothi louma la chilimwe, anamwino amene anawasamalira, a Ibrahim chifukwa cha galimoto yonyamula thupi, ndiponso amayi a ku Sinda aja, amene abweranso lero akulira. Amayi inu, musadziimbe mlandu. Akanadzuka lero, akanagonanso pansi pa injini ija.

Atsibweni, munkadana ndi kuzizira. Mayi Judith akufunditsani bulangete loyamba lija limene munagula ndi mafuta a 1993, lazigamba lomwelo limene munkakana kulitaya. Pitani mofunda, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.