Atate Anga Anavomera Mlandu Umene Sanaumve

Omvera anzanga, ndine mayi wa ku Nangongwe, ndipo nkhani yanga ndi ya atate anga, msodzi wa ku Chanyanya amene khutu lawo limodzi linagontha kalekale.

Anawamanga powaganizira kuti anaba injini ya boti. Tsiku la mlandu sanabwere nawo kukhoti. Tinauzidwa kuti ayankhira pa kanema ali kundende komweko. Ndinawaona pa sikirini ataonda, alibe loya kapena wina wowabwerezera mawu.

Woweruza atawafunsa dzina, netiweki inadula ndipo nkhope yawo inangouma pa sikirini. Mmene netiweki inkabwerera, mlandu unali utawerengedwa kale, akufunsidwa ngati akuuvomera. Atate anapendeketsa mutu n'kunena kuti, "Inde, ndine."

Ndinaimirira n'kunena kuti, "Bwana, sanamve. Ayankha za dzina." Wapolisi anandiuza kuti ndikhale pansi. Mafunso otsatira atate ankangogwedezera mutu mwaulemu, monga amachitira akapanda kumva. Woweruza anawagamula zaka ziwiri, sikirini n'kuzima.

Inu okonza makhoti a pa kanema, sindikudana ndi makina anu. Koma ikani munthu pambali pa woimbidwa mlandu, ndipo mawu akadula, bwerezani funso mpaka alimve.

Loweruka ndinapita kukawaona atate kundende nditatenga nshima ndi nsomba. Anandigwira dzanja n'kundifunsa kuti, "Mwana wanga, nanga mlandu wanga uzayamba liti? Nifuna nikawauze kuti tsiku lija injini inabedwa n'nali kumaliro."

Ndinangowatsegulira kontena kuti adye. Mpaka lero sindinawauze.