Sikipa ya Muulutsi Amene Anagwetsa Bambo Anga

Omvera anzanga, ndikulemba kuchokera kuno ku Mutare, ku Zimbabwe, ndipo mtima wanga sunaphwe.

Bambo anga anabadwira pafamu, koma makolo awo anachokera ku Malawi. Mafamu atalandidwa, anabwera kudzakhala kwa ine. Chitupa chawo chinalembedwa kuti ndi mlendo, choncho akamva mawu a munthu waboma amachita mantha.

Tsiku lina masana, muulutsi wa wailesi ina anawaimbira foni dziko lonse likumva, nkunamizira kuti ndi wa boma. Anati, "Madala, longedzani. Mawa tikakutayani kuchipata cha m'malire cha Forbes, muzipita kwanu."

"Pepani bwana, kwathuko sindikudziwako," anatero bambo atavula chipewa, ngati munthuyo akuwaona.

Iye asanaulule kuti ndi nthabwala, bambo anagwa pansi. Mpaka lero mbali imodzi ya thupi lawo inafa, ndipo sayankhula.

Muulutsiyo ananditumizira sikipa ya wailesi yawo, ati tisakwiye, zinali zocheza. Sikipayo ndimapukutira malovu a bambo, ndipo sindiichapa. Nkhani ndinaitengera kukhoti. Tsiku la mlandu ndidzamubwezera pamaso pa woweruza. Adzaivale, kenako adzatiseketse tonse.