Mbozi Zodya Mkuyu Wokha

Pasiteji ya basi, kalipentala wina anakhala pabenchi moyandikana ndi mayi amene anafukata ngati khanda katoni yoboolaboola. Anayesa kuyang'ana kumbali, koma chidwi chinamukulira.

"Mayi, muli anapiye m'menemo?"

"Ayi bambo, ndi mbozi. Tasuzumirani, zonenepa ngati chala chanu chachikuluchi."

"Mbozi mpaka kukwera nazo basi?"

"Eni nyumba adula mkuyu umene zimadya. Ndazipatsa masamba a mango, zakana. A mapeyala, osanunkhiza n'komwe. Ndikupita nazo kwa achemwali anga kumene kuli mkuyu wina, koma n'kutali, ndipo zina zafa kale ndi njala."

"Nanga mbozi mwazikondera chiyani?"

"Simunaone chimene zimasanduka. Zikakhuta zimadzikulunga m'chikwa, zii ngati zafa. Mvula ikagwa, mumatuluka gulugufe wausiku wamkulu ngati chikhatho changachi, mapiko ake ali ndi maso awiri ngati a kadzidzi. Chaka chatha wina anatera pakhoma la bafa, ine mpaka kuiwala madzi pamoto."

"Maso achikasu, ozungulira? Ameneyotu anaterapo pashedi yanga, ine n'kumayesa kambalame! Ndipo kuseri kwa shediyo kuli mkuyu. Ndi pafupi, basi tikudikirayi imadutsa pakhomo."

"Bambo inu, mukunena zoona?"

"Zoona. Vuto ndi mayi akunyumba. Akangoona mbozi amakuwa mpaka aneba kutuluka."

"Ndiye tikaziike panthambi yapamwamba. Mudzawauze zikamera mapiko."