Ndinapeza Kwawo kwa Amayi Mochedwa

Abusa, akulu a mpingo, ndi inu nonse ana a Mulungu, landirani moni m'dzina la Yesu. Kumbuyoko mukundimva? Ndikufuna kuchitira umboni, koma mundipirire, chifukwa umboni wangawu uli ndi misozi mkati.

Mumandidziwa ngati wa pompano pa Mbulumbuzi, koma pano ndi kwawo kwa bambo anga. Amayi anga, malemu a Elube, anachita kutengedwa, ndipo za kwawo sankazikamba. Ndinkangodziwa kuti ndi Alomwe, chifukwa akapsa mtima Chinyanja chinkawathera n'kuyamba chakwawo. Koma pagulu, ayi. Masiku amenewo anthu ankaseka. Inu achikulire dzina lija ankawanena nalo mukulidziwa, sindilitchula m'nyumba ya Mulungu.

Ndinakhala nawo amayiwo mpaka ine kubereka anga. Kusenda nandolo limodzi, kupala chinangwa limodzi, nkhani za mudzi wonse tinkazimaliza. Koma kufunsa kuti, "Amayi, kwanu n'kuti? Anakuberekani ndani?" osafunsa. Ndinkati ndidzafunsa mawa, ndidzafunsa mawa, mpaka tinawaika m'manda. Safunsa anadya phula, abale, ndipo ine ndinalidya ndithu.

Ndiye mwana wanga Tamala, uyo wakhala kukwayayo, anapeza banja. Akuchimuna anatuma mawu kuti akufuna aonane ndi atsibweni ake. Atsibweni ati? Ine ndinabadwa ndekha. Pokwatiwa ine anandiimirira ndi abale a bambo mongondimvera chisoni, ndipo onsewo anapita. Ana awo ndinakawagwadira, iwo amvekere, "Mwanayu si wa mbumba yathu, unkhoswe wake sitingausenze." Akuchimuna nawo akuti, "Mawa zikavuta m'banjamo tidzakamba ndi ndani?" Zonse zinaima. Tamala analeka kudya. Tsiku lina anandifunsa, "Amayi, kodi ife tinachita kugwa kumwamba?"

Chaka chimenecho kunali kalembera. Nditaona aja oyenda khomo ndi khomo, ndinati eya, boma limalemba aliyense, ndiye amayi analembedwapo penapake pamodzi ndi abale awo. Ndinavala chitenje changa chabwino, ulendo ku boma. Ku ofesi anandilandira bwino, koma anati, "Mayi, kalembera ndi wowerenga anthu, si wosakira abale." Ndinabwerako chimanjamanja.

Ndinasala kudya, ndinalira kwa Yehova. Ndiye tsiku lina ndili kumunda mitambo inadera mbali ya ku Magomero, ndipo ndinakumbuka. Mvula ikamachokera mbali imeneyo, amayi ankaimika khasu n'kunena okha, "Imeneyo yachokera kwathu." Basi, cholowa chonse chimene anandisiyira ndi chimenecho.

Ndinayamba kuyenda. Mukudziwa kumene akuluakulu amasonkhana n'kumatchula mibadwo? Pamaliro. Ndikangomva kuti mbali ya ku Magomero kwagwa zovuta, ine panjinga. Maliro a anthu osawadziwa, ine pakati pa amayi, kulira nawo, kenaka kufunsa za Elube amene anatengedwa kalekale. Musaseke! Ena anayamba kunong'onezana kuti mayi uyu amatsata ndiwo za pamaliro. Manyazi ndinawasiya kunyumba.

Pa maliro ena mayi wina wokalamba anandiyang'ana, kundiyang'anabe, n'kuti, "Taseka iwe." Pamaliro! Ndinangotsegula pakamwa. Ataona mpata wa m'manowu, wonga wa amayi, anagwira pamtima. "Uyu ndi mwana wa Elube uyu." Anandigwira dzanja mpaka pakhomo lina, pamene ndinapeza a Layisoni, mwana wa mng'ono wawo wa amayi.

Apa ndiye pamene pamandiwawa. Amayi anali ndi mlongo wawo, a Mikayeli, atsibweni anga enieni. Ndinapeza manda awo dothi lisanaphwe n'komwe. A Layisoni anandiuza kuti amayi anachoka ndi bambo anga abale asanavomere, ndipo ankaopa kubwerera, poganiza kuti anthu akadali ndi mkwiyo. Chonsecho mkwiyowo unatha kalekale. A Mikayeli anafunsa m'misika, anafunsa ku maesiteti, osawapeza. Ndipo kalembera aliyense akafika, iwo ankati, "Mulembenso mlongo wanga Elube." Olembawo amvekere, "Bambo, timalemba amene agona pakhomo pano." Iwo n'kumakakamira, "Mulembeni, ndi wa pano, wangochokapo." Ngakhale kalembera womalizayu, ali gone pamphasa, akuti ananenabe zomwezo.

Abale anga, ulendo wake ndi wa panjinga, kunyamuka m'mawa dzuwa lisanatenthe wafika. Munthu anafa akudikira mlongo wake, mlongoyo anafa akuopa kwawo, ine ndili pakati osafunsa. Ndikanafunsa, bwenzi awiriwa atagwirana chanza ali moyo. Zimenezi sizidzandichoka. Inu amene amayi anu alipo, mukaweruka pano musathamangire kuphika. Kakhaleni pansi, kafunseni.

Koma Mulungu ndi wabwino. Ndikuti Mulungu ndi wabwino! Chibale n'fupa, sichiola. A Layisoni atamva za Tamala sanafunse kawiri, anangoti, "Ameneyo ndi mbumba yanga, ndibwera." Akuchimuna aonana nawo dzulo, ndipo chinkhoswe chilipo mwezi ukubwerawu.

Achimwene a Layisoni, taimirirani akuoneni. Ndi awo, avala jekete lakudawo. Tamala, mwanangu, atsibweni ako ndi amenewo.

Zikomo Yesu, zikomo abusa pondipatsa mpata. Amayi nonse muno, ndithandizeni nthungululu, kondwerani nane inu.