Kompyuta Imene Inakwela Ngolo

Pa sitesheni ya mabasi ku Lundazi, m'chaka cha 1998, mai wovala zakuda anatembenuzatembenuza kapepala m'manja, mpaka analimba mtima n'kukapatsa bambo wa tayi amene anakhala naye pa benchi.

"Adada, mukuoneka a mu ofesi. Mawu awa ndawakopela pa kompyuta ya malemu amuna anga. Ndikati ndiizimitse amatuluka, iyo osazima. Ndiye ndikupita ku Chipata kukafunsa odziwa kukonza."

"Pepani ndi malilo, amama. Apa ikudandaula memole, kachipangizo kena ka mkati. Inagwapo?"

"Kugwa ayi, koma inakwela ngolo. Titaika malilo, abale ao anatenga ng'ombe, njinga, mpaka mabulangete. Kompyuta anapita nayo ku Magodi."

"Pa ngolo, mseu umene uja? Ndiye kagwedela basi. M'pofunika kuzula nthambo kukhoma, kutsegula, kupukuta fumbi, n'kukakanikiza bwino."

"Kuzulako ndiye ndikuopa! Lelo ndi tsiku lachisanu ili chiyakile. Muli mawu amene analembela ana atadziwa kuti sachila. Akafufutika, ndidzawauza chiyani?"

"Safufutika, amama, zolemba zimasungika pena. Musavutike ndi ulendo wa ku Chipata. Basi iyi sidzadza msanga. Kwanu n'kutali?"

"Kuseli kwa msika pompa. Yewo, adada, yewo chomene!"

"Tiyeni. Koma anthu otenga ndi mabulangete omwe, anaibweza bwanji?"

"Ankayesa ndi TV. Mwezi wathunthu inakhala pa tebulo, ataifunditsa nsalu. Kwaoko kulibe malaiti, adada."